Pepala la COF ndi chitunda cha Thabwa

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Moni nonse omvera m'chigwa chathu chino cha Shire. Moni a pa Thabwa, a pa Dyeratu, a ku Chapananga, a pa Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani, pa boma pa Nsanje mpaka ku Marka. Moni inunso a tsidya la kum'mawa, ku Livunzu, Masenjere, Fatima ndi Makhanga. Amene muli pa chiwongolero, maso akhale pamsewu, makutu okha ndiwo mundibwereke.

Nkhani ya lero inandipeza pakhonde. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito cha ku Nchalo, anafika madzulo ena foni ili m'manja, nkhope ili ngwee. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Amalume, taonani kanyama aka." Pa foniyo panali kagalimoto kofiira, kafupi, ka mipando iwiri yokha, denga lake lansalu lopinda kumbuyo. Inali Mazda Roadster ya chaka cha 2001, imene ku Ulaya amaitcha MX-5. Mwini wake anali ku Blantyre ndipo mtengo wake unali wokopa. Ndinamufunsa ngati makaniko waiona. Iye anati, "Palibe chifukwa, amalume. COF yake ndi ya mwezi wathawu. Komanso ndawerenga kuti ku Ulaya timagalimoto totere timakhoza bwino kwambiri akamatiyeza, ngakhale titakalamba."

Mnyamatayu sananame pa zonse ziwirizo. Koma mfundo imene anamanga pamwamba pake ndiyo inandidetsa nkhawa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a ife timaganiza chimodzimodzi, kaya tikugula kagalimoto ka mipando iwiri, kaya Sienta yonyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Ngabu, kaya Probox yopita nayo kumsika wa ng'ombe.

Tiyambe ndi COF yeniyeniyo. Ili ndi pepala limene nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene tonse timangoitcha a Road Traffic, imapereka galimoto ikayezedwa n'kupezeka kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Galimoto ya munthu wamba imayezedwa kamodzi pachaka, pomwe zonyamula anthu zimayezedwa miyezi 6 iliyonse. Woyeza amaona mabuleki, nyali zonse, matayala, chiwongolero, mashokabuzoba, galasi lakutsogolo ndi mawaipa ake, hutala, malamba a pamipando, ndiponso ngati nambala ya chasisi ikugwirizana ndi imene ili m'mapepala. Mukaziyang'ana bwino zinthu zimenezi muona kuti zonse zikuyankha funso limodzi: kodi galimotoyi, monga ilili lero, ingaphe munthu? Ndi funso lalikulu, ndipo ine sindilipeputsa ngakhale pang'ono. Koma funso la mphwanga linali lina. Iye ankafuna kudziwa ngati galimotoyo idzamufikitsa ku Blantyre ndi kumubweza, mwezi ndi mwezi, osamugoneka panjira. Funso limenelo COF siliyankha, ndipo sinapangidwe kuti iziliyankha.

Si kwathu kuno kokha. Ku Britain kuyeza kotereku amakutcha MOT, ndipo kunayamba mu 1960, poyamba pa magalimoto a zaka 10 kupita m'tsogolo, akumaona mabuleki, nyali ndi chiwongolero. Lero amayeza zambiri, chaka ndi chaka galimoto ikakwanitsa zaka 3. Koma boma la kumeneko limanena poyera kuti MOT siyeza thanzi la injini, kilatchi kapena giyabokosi. Galimoto ikhoza kukhoza m'mawa, madzulo injini n'kuphika.

Nanga zimene mphwanga anawerenga zija? Ku Germany kuli mabungwe oyeza magalimoto, lodziwika kwambiri ndi la TÜV. Galimoto yatsopano imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo chaka chilichonse a TÜV amatulutsa lipoti lochokera pa magalimoto mamiliyoni amene ayeza, losonyeza mtundu umene wapezeka ndi zilema zambiri ndi umene wapezeka ndi zochepa, malinga ndi zaka zake. Mu malipoti amenewa, galimoto yothamanga ya Porsche 911 yakhala ikutsogola kawirikawiri pakati pa magalimoto okalamba. Munthu akawerenga zotere amati basi, magalimoto othamanga ndi olimba. Koma taganizani moyo umene galimoto yotere imakhala kumeneko. Mwini wake nthawi zambiri ali ndi ina yoyendera masiku onse. Iyi amaitulutsa Lamlungu dzuwa likawala, chisanu chikayamba amaitsekera m'galaja. Imayenda mtunda wochepa pachaka, pa phula wosalala, ndipo ikangolira pena pake mwini wake ali ndi ndalama komanso sitolo ya masipeya ili pafupi. Ambiri amayamba aipititsa kwa makaniko kuti akonze zonse tsiku loyeza lisanafike. Choncho lipotilo likutiuza za galimoto, inde, koma likutiuzanso kwambiri za mwini wake, za msewu wake ndi za nyengo ya kwawo. Zitatu zimenezi sizikwera nawo sitima pobwera kuno.

Ambiri mwa magalimoto athu amachokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ena kudzera ku Durban kapena ku Beira. Ku Japan kuyeza kwawo amakutcha shaken, ndipo kumadya ndalama zambiri. Kuwonjezera apo, galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakwera. N'chifukwa chake eni ake amaigulitsa ikadali yooneka bwino, ife n'kuilandira ndi manja awiri. Vuto ndi lakuti imafika kuno itatha kale unyamata wake, n'kuyamba ntchito yolemetsa kuposa imene inagwira chibadwire.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Tsopano tibwere kwathu. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Chikwawa ili cha m'ma 100. Kusiyana konseko, mamita pafupifupi 900, galimoto imakutsika pa mtunda waufupi, pa makona amene tonse timawadziwa, mpaka kudzafika pa lodibuloko ya pa Thabwa. Ine ndimati woyeza wamkulu wa magalimoto a m'chigwa muno ndi chitunda chimenechi. Potsika chimayeza mabuleki, pokwera chimayeza redieta, ndipo chimayeza tsiku lililonse, osati kamodzi pachaka.

Pa mabuleki ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene pamatayika miyoyo. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala moto. Mapadi amakanikiza chitsulo chozungulira, chitsulocho n'kutentha. Galimoto yolemera tani imodzi ikamatsika mamita 900, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa ndowa yodzaza ya malita 20 n'kutsalako. Ina imatengedwa ndi mphepo ndi matayala, koma mukatsika phazi lili pa buleki njira yonse, gawo lalikulu la moto umenewo limathera m'tizitsulo tinayi ta kumawilo. Pamalo oyezera, buleki amaiponda kwa timphindi tochepa, ili yozizira. Imagwira bwino, pepala n'kutuluka. Pa Thabwa buleki yomweyo imagwira ntchito kwa mphindi zambiri mosapuma.

Chimene ambiri sitichidziwa ndi khalidwe la mafuta a mabuleki, aja timathira m'kabotolo kakang'ono pansi pa boneti. Mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Pa botolo lake pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. A DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka atapitirira madigiri 230, koma akamwa madzi kwa zaka zingapo akhoza kuwira cha m'ma 155. A DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. Akawira, m'mapaipi mumalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mukaponda buleki phazi limangolowa mpaka pansi ngati mwaponda phala, galimoto ikupitabe. Choopsa china n'chakuti ikazizira buleki imabwerera mwakale, moti wobwera kudzaona pambuyo pake amapeza zonse zili bwino. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafuta amenewa zaka 2 zilizonse. Funsani madalaivala 10 pa siteji kuti anasintha liti, osati kuwonjezera koma kukhetsa onse n'kuthira atsopano, mumve mayankho ake. Mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi.

Ndipo potsika, lolani injini ikuthandizeni. Ikani giya yachitatu kapena yachiwiri musanayambe kutsetsereka, osati mutathamanga kale. A galimoto ya otomatiki, chotsani pa D muike pa 2 kapena pa L, kapena pa S ndi B kwa amene magalimoto awo analembedwa choncho. Injini idzalira mokweza, musaope, ikugwira ntchito yake. Buleki muziiponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kuisiya ipume. Pali mchitidwe wotsika galimoto ili pa nyutulo, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kupulumutsa mafuta. Ndikudziwa mmene mafuta akuvutira, ndaimapo nanu pamizere. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse, lekani. Injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero nachonso chimauma. Apaulendo, mukaona dalaivala akuchita zimenezi, lankhulani. Moyo uli m'galimotomo ndi wanu.

Pokwera nkhani imatembenuka. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo galimoto imakwera Thabwa pang'onopang'ono, mwina kumbuyo kwa lole, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa, injini ikukoka ndi mphamvu zake zonse. Apa ndi pamene redieta yokalamba imaulula zaka zake. Maredieta ambiri a magalimoto a ku Japan ali ndi mutu wapulasitiki. Ukakhala watsopano umakhala wakuda bii, ukakalamba umasanduka wofiirira ngati dothi, ndipo ukafika pamenepo umang'ambika tsiku lililonse. Mapaipi a labala nawo amauma kapena kufufuma. Kachitsekerero ka redieta, kamene timakaona ngati kopanda ntchito, ndi kamene kamasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka cha m'ma 120. Kakatha mphamvu, madzi amawira msanga. Zonsezi woyeza COF alibe nazo gawo.

Pali chinthu china cha kwathu kuno chimene buku la ku Japan silingakuuzeni. Mijigo yambiri m'chigwa muno, makamaka madera ena a Chikwawa, imatulutsa madzi amchere. Amayi amadziwa mmene madzi amenewa amayeretsera pansi pa poto ndi mmene amakanira sopo. Zimene amachita m'poto ndi zomwezo amachita m'redieta: amasiya miyala yotseka timipata, ndipo mcherewo umadya chitsulo ndi aluminiyamu m'kati mwa injini. Thirani mankhwala oziziritsira injini, aja obiriwira kapena ofiira, osakaniza ndi madzi oyera opanda mchere. Mukasowa pogwira, madzi amvula osefa bwino aposa a pamjigo. Ndipo amakaniko athu, nkhani yochotsa thermostat galimoto ikangofika kuno, ati kuno n'kotentha siifunika, tiionenso. Injini ikamatentha, chifukwa chake chimakhala redieta yotsekeka, fani yosazungulira, pampu yamadzi yotha kapena thermostat yakufa yofunika ina. Kuichotsa kumabisa matenda, ndipo injini imayenda yozizira mopitirira m'mawa ndi potsika, n'kumamwa mafuta ambiri.

Muvi wa kutentha ukayamba kukwera muli pakati pa chitunda, imani pamalo oonekera, ikani matrayango anu awiri, dikirani. Musatsegule redieta ili yotentha, anthu apsa nkhope ndi manja. Kukakamira kuti ndingofika pamwamba ndi kumene kumapsereza gasiketi, ndipo ndalama yake imaposa ya redieta yatsopano kangapo.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za COF ndi magalimoto okalamba m'chigwa cha Shire, ndipo tikutsata nkhani ya mphwanga amene anakopeka ndi kagalimoto ka mipando iwiri.

Ndisakanamizire kagalimotoko. Mazda MX-5 inatuluka koyamba mu 1989, ndipo pofika 2016 anali atapanga zokwana 1 miliyoni. Palibe galimoto ina yothamanga ya mipando iwiri imene yagulidwa chotere. Mbiri yake ya kulimba ndi yoona. Ndi yopepuka, ilibe zamagetsi zambiri zosokoneza, ndipo injini ya zakalezi, ya malita 1.6 kapena 1.8, ndi ya banja limodzi ndi ya Mazda Familia imene amakaniko athu anaizolowera kalekale. Ngakhale lamba wa m'kati mwa injini, uja amati timing belt, akaduka pa injini imeneyi, mapisitoni sagunda mavavu monga zimachitikira pa injini zina zambiri. Galimoto imangozima, mukaika lamba wina imadzukanso. Komabe kuzimira pakati pa Ngabu ndi Bangula dzuwa lili paliwombo si nkhani yaing'ono. Lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ku Japan amakonda kumata kapepala pa injini kosonyeza tsiku ndi mtunda umene anasinthira. Kapepalako kakasowa, muyese kuti sanasinthe. Labala amakalamba ndi zaka, ngakhale galimoto itangokhala.

Mdani weniweni wa kagalimoto aka ndi dzimbiri. Denga lansalu lija lili ndi timipaipi totayira madzi amvula pansi. Tikatsekeka ndi masamba ndi fumbi, madzi amaima m'kati mwa chitsulo cha m'munsi mwa zitseko, chakutsogolo kwa mawilo akumbuyo, n'kumadya kuchokera m'kati. Kunja penti ali phuliphuli, m'kati mwatsala chikungwa. Galimoto yopanda denga lachitsulo mphamvu zake zonse zili m'munsimo, choncho dzimbiri la pamenepo lili ngati chiswe mu mzati wa nyumba. Zimene zinayenda kumpoto kwa Japan kapena ku Britain, kumene amathira mchere pamsewu nthawi ya chisanu, zimakhala zodyeka kwambiri.

Kenako pali kufupika kwake. Mimba ya kagalimoto aka siitalikira pansi masentimita 15, pomwe Hilux imapitirira 20. Pa msewu wa M1 pamene phula ali bwino palibe vuto, ndipo ndivomereze kuti pamenepo kamakoma kuyendetsa. Koma ndani wa ife amene moyo wake wonse uli pa M1? Maliro ali kumudzi, ukwati uli tsidya lija, ndipo njira zake ndi za mchenga, mabampu ndi mitsinje youma imene imadzaza mwadzidzidzi. Tonse tikukumbuka madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa n'kuononga damu la Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Msewu ukaduka timadutsa m'njira zapambali, m'matope ndi m'madzi. Injini imapuma mpweya ngati munthu, ndipo pa galimoto yaifupi mphuno yake ili pafupi ndi pansi. Ikakoka madzi m'malo mwa mpweya, madziwo safinyika, ndipo zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Galimoto ikazimira m'madzi musailize. Ikokeni, makaniko achotse mapulagi, atulutse madzi, aone oyilo. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa difu akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

Izi zikutanthauzanso kuti pamsika pali magalimoto amene anamira m'zaka zimenezi, anatsukidwa bwino n'kugulitsidwa. COF akhoza kukhala nayo. Kwezani kapeti, nunkhizani, kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto muone ngati ali ndi mzere wa matope, suzumirani pansi pa dashibodi ndi tochi. Matope a Shire amabisala m'malo amene wotsuka safikamo.

Za matayala ndinene mwachidule zinthu ziwiri. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsatira zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2318, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mano akuya koma lili lokalamba, long'aluka m'mbali, ndipo pa phula wotentha wa ku Ngabu limaphulika. Opanga matayala ambiri amati lisapitirire zaka 10 zivute zitani, ndipo kotentha ngati kuno ine sindingadikire mpaka pamenepo. Chachiwiri, magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi matayala a nthawi ya chisanu, olembedwa kuti studless, okhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota. Labala wake ndi wofewa, anapangira madzi oundana. Kuno amatha msanga ndipo galimoto imachedwa kuima. Ena mwa matayala a kaunjika amene timagula m'misika ndi amenewa.

Batire nalo kutentha kumalifupikitsa moyo, choncho musadabwe likafa msanga kuposa la mbale wanu wa ku Dedza. Nyali ziyeseni usiku, osati masana. Kuno usiku pamsewu pali ngolo zopanda chowala, akabaza, ng'ombe ndi mbuzi, ndiponso mathirakitala ndi malole a nzimbe cha ku Nchalo. Magalasi a nyali akachita chikasu ndi dzuwa, babu likhoza kuyaka, woyeza n'kuona kuti layaka, koma inu osaona ngolo mpaka mutaifika.

Sindingamalize za COF osatchula madobadoba. Tonse timamva za anthu amene amati bweretsani ndalama ndi buku la galimoto, pepala likupezani kunyumba, galimoto osasuntha pabwalo. Kwa munthu wa ku Nsanje, amene ulendo wokayezetsa umamudyera mafuta ndi tsiku lathunthu, chiyeso chimenechi n'chachikulu, ndikumvetsa. Koma kumeneko ndi kuphwanya lamulo, ndipo wopusitsidwa si wapolisi wa pa lodibuloko. Tanena kuti COF imayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi galimotoyi ingaphe munthu. Mukagula pepala, ngakhale funso limodzi lomwelo silinafunsidwe, ndipo amene adzakwere galimotoyo ndi ana anu omwe. Pitani nayo, ikwere pamakina, ilowe padzenje. Ikalephera, mwauzidwa chimene chikanakupwetekani, pamtengo wotsika.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Tibwerere kwa mphwanga uja. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, ndalama ndi zako, ndipo mtima wako ndauona. Sindikuletsa. Koma tiye tonse ku Blantyre, titenge makaniko wathu, osati wa wogulitsa." Anavomera, ngakhale mwa nkhope yolemera.

Tinafika m'mawa dala, kuti tiipeze injini isanalizidwe, chifukwa injini yozizira ndi imene imanena zoona. Inalira bwino, utsi wabuluu panalibe. Makaniko anapempha pepala limene galimoto imatuluka nalo ku Japan, limene limasonyeza makilomita amene inali itayenda pa kuyezedwa kwake komaliza kumeneko, kuti afananize ndi a pa dashibodi. Zinagwirizana. Mphwanga anandiyang'ana ngati akuti mwaona. Kenako makaniko anatulutsa kamaginito kokutidwa ndi kansalu n'kumakayendetsa m'munsi mwa chitseko. Kutsogolo kanamata. Atafika pafupi ndi wilo lakumbuyo kanagwa pansi. Mbali inayo chimodzimodzi. Pamenepo panalibe chitsulo, panali bodifila wopakidwa penti. Atailowetsa padzenje n'kugogoda ndi sikuludiraiva, zidutswa zofiira zinayoyoka. Mafuta a mabuleki anali akuda ngati khofi, ndipo matayala awiri akumbuyo anali a chisanu, opitirira zaka 10. Pa galasi, COF inali yatsopano ndithu.

Pobwerera mnyamatayo sanalankhule mpaka tinadutsa Milare. Kenako anati, "Amalume, ndiye kuti maloto amenewa ndiwaiwale?" Ndinati ayi. Ndinamuuza kuti munthu amene wagwira ntchito n'kusunga ndalama zake ali ndi ufulu wogula chinthu chongomusangalatsa, ndipo m'chigwa muno si mlandu kukonda chinthu chokongola. Koma kagalimoto kotere kamafuna munthu amene ali ndi njira ina yoyendera nthawi ya dzinja, amene ali ndi mthunzi wokaimikapo kuti dzuwa lisaphe denga lansalu, ndiponso amene angapirire milungu ingapo kudikira sipeya kuchokera ku Japan kapena ku Johannesburg, chifukwa galasi, nyali kapena denga lake simungazipeze pa Nchalo kapena pa Bangula monga mmene mungapezere za Sienta. Ndinamuuzanso kuti pa ndalama zimene ali nazo asathere zonse pogula. Apatule gawo la mwezi woyamba.

Patapita miyezi inayi anapeza ina, ya mtundu womwewo, yoyera, penti wake wozilala pang'ono, yokwera mtengo kuposa yofiira ija. Maginito anamata ponseponse. Isanatsike n'komwe kubwera kuno inagona masiku atatu kwa makaniko: mafuta a mabuleki onse anakhetsedwa, mapadi akutsogolo, redieta ndi kachitsekerero kake, mapaipi awiri, thermostat, timing belt pamodzi ndi pampu yamadzi, ndi matayala anayi atsopano. Atatha zonsezo ndi pamene anapita nayo yekha kukayezetsa, ndipo anaima pambali n'kumaona mawilo akuzungulira pamakina. Njinga yake yamoto sanagulitse. Akuti mvula ikayamba kagalimotoko kazikhala pansi pa shedi.

Tsiku lobwera nayo ndinakhala kumpando wa kumanzere. Tisanayambe kutsetsereka ndinamva dzanja lake likulowetsa giya yachitatu ndisanamuuze. Pa makona akuthwa aja anatsitsira yachiwiri. Kumunsi kwathu chigwa chonse chinali chitayalidwa, Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ikuoneka patali. Titadutsa lodibuloko ya pa Thabwa ndinamupempha kuti aime pambali. Ndinatsika n'kuyandikitsa chikhatho pa wilo lakutsogolo, osaligwira. Linali lofunda chabe, fungo la mapadi opserera panalibe. Muvi wa kutentha unali pakati. Tinagula madzi akumwa, n'kupitiriza ulendo kulowera ku mlatho wa Kamuzu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za njinga zamoto za kabaza: tcheni, mabuleki ndi zipewa. Tsalani bwino, ndipo amene muli paulendo, muyende bwino.

(Nyimbo yotsekera)